Kukonza ngolo ya snowmobile: sikelo kaye, makabati pambuyo

Ku Canada ndi kumpoto kwa dziko la America, nyengo yozizira ikafika, chipale chofewa chimakwirira minda, nkhalango ndi nyanja kwa miyezi ingapo. Kumeneko anthu amayenda pa snowmobile, makina ofanana ndi njinga yamoto koma opanda matayala. Kutsogolo kwake kuli mapazi awiri aatali otsetsereka, kumbuyo kuli lamba wa rabala wozungulira ngati wa katapila. Joseph-Armand Bombardier wa ku Valcourt, m'chigawo cha Quebec, anayamba kugulitsa mtundu wa Ski-Doo mu 1959, pomwe makampani a Polaris ndi Arctic Cat anayambira ku Minnesota.

Makinawa sanapangidwire msewu wa tala, choncho eni ake amawanyamula m'ngolo yokokedwa ndi galimoto. Ambiri amakonda ngolo yotsekeka chifukwa misewu ya kumeneko imathiridwa mchere kuti madzi oundana asungunuke, ndipo mcherewo ukathovukira pa makina umabweretsa dzimbiri. Ngolo yotchipa imabwera ili chibokosi chopanda kanthu, mwini wake n'kuikonza m'kati momwe akufunira. Apa ndi pamene ena amapulumutsa ndalama, ena n'kuzitaya.

Yambani ndi masamu

Ngolo iliyonse imakhala ndi chikwangwani chonena kulemera konse komwe ikuloledwa kufika. Mukachotsapo kulemera kwa ngoloyo ili yopanda kanthu, chotsalacho ndiye katundu yemwe munganyamule.

Tiyerekeze ngolo yololedwa makilogalamu 1,600, yomwe payokha imalemera 750. Katundu wake ndi 850. Snowmobile imodzi imalemera pakati pa makilogalamu 200 ndi 300, ndiye zitatu za 250 zatenga kale 750. Otsala ndi 100 okha, ndipo m'menemo mukuyenera kulowa makabati, batire, tayala lapadera, zigubu za petulo ndi zovala. Thabwa lililonse lokhomedwa m'kati limadya gawo la katundu. Ichi n'chifukwa chake ena amalolera kulipira zambiri kuti agule ngolo ya aluminiyamu: ndi yopepuka, komanso mchere suidya msanga ngati chitsulo.

Tetezani pansi

Pansi pa ngolo zambiri pamakhala pulayiwudi. Koma kunsi kwa mapazi a snowmobile kuli timipeni ta chitsulo cholimba kwambiri togwirira pa madzi oundana, ndipo malamba ena amakhala ndi misomali. Zimenezi zimakanda thabwa, madzi a chipale chosungunuka n'kulowa m'mikwingwirimamo, thabwa n'kuyamba kuola.

Odziwa amapaka kaye thabwa penti woletsa madzi. Kenako amakhoma timizere ta pulasitiki momwe mapazi amadutsa, ndi mphasa ya rabala pakati pomwe lamba amaponda. Kugula zimenezi n'kotchipa poyerekeza ndi kuzula pansi ponse.

Ngolo zina zimakhala zosongoka kutsogolo ndipo zimakhala ndi zitseko ziwiri zogwetsa pansi. Makina amalowera khomo lina n'kutulukira linalo, osafunika kuwakoka chafutambuyo.

Mangani pa chitsulo

Katundu wosamangidwa amayenda yekha dalaivala akaponda buleki. Snowmobile imamangidwa ndi mpiringidzo wopanikiza mapazi onse awiri kutsogolo, ndi lamba wokoka kumbuyo. Ena amaika njanji zachitsulo zokhala ndi mabowo ambiri m'mbali ndi pansi, kuti mbedza ikoledwe paliponse. Njanji zimenezi zimathandizanso m'chilimwe, pamene ngolo yomweyo imanyamula njinga zamoto kapena katundu wa m'nyumba m'malo mongokhala pabwalo.

Chofunika kwambiri ndi pomwe bawuti yagwira. Mphete yomangirapo ikangogwira pulayiwudi yekha, imazuka tsiku lomwe ikufunika. Iyenera kudutsa mpaka pa chitsulo cha fulemu, kapena ikhale ndi chitsulo chophwatalala kunsi kwake.

Katundu akhale pati?

Lamulo lomwe okoka ngolo amatsata ndi lakuti pafupifupi magawo 60 pa 100 a katundu akhale kutsogolo kwa ekiselo, ndipo magawo 10 mpaka 15 a kulemera konse atsamire pa chokolera cha galimoto. Kumbuyo kukalemera, ngolo imayamba kupepesuka uku ndi uku liwiro likakwera, mpaka kugwetsa galimoto. Kutsogolo kukalemera mopitirira, galimoto imakhala pansi kumbuyo, matayala akutsogolo sagwira bwino msewu, chiwongolero n'kupepuka. Choncho malo a kabati kapena batire amasankhidwa poona sikelo, osati poona pomwe pakukongola.

Mpweya uzilowa ndi kutuluka

M'ngolo yotsekeka mumadzaza fungo la petulo ndi chinyezi. Popanda timawindo ta mpweya, kamodzi chakutsogolo kena chakumbuyo, zitsulo zimachita dzimbiri ndipo zovala zimachita nguwi. Amene amaika chotenthetsera cha gasi kuti aziumitsa magolovesi ndi nsapato amafunika chomwe utsi wake umatulukira panja, komanso kachipangizo kolira kakamva carbon monoxide, mpweya wakupha womwe suoneka ndipo sununkha.

Zonsezi zikatheka ndi pamene amaganiza za magetsi a LED a mavoti 12, mashelefu a zipewa zodzitetezera, zokolekapo majekete ndi benchi yopinda. Ndi zabwino, koma sizipulumutsa katundu.

Kwa inu amalonda

Kuno chipale chofewa kulibe, koma ngolo imene mukufuna kuwotcheretsa yonyamulira mabelo a kaunjika, matileyi a mazira kapena zigubu za mafuta ophikira imamvera malamulo omwewa. Mashelefu olemera makilogalamu 100 ndi matumba awiri a makilogalamu 50 omwe muziwasiya pa ulendo uliwonse. Mukawakakamiza, mudzalipira pa matayala, pa masipuling'i, mwinanso pa ngozi.

Musanapereke dipoziti kwa wowotcherera, mufunseni zinthu zinayi. Ngoloyo idzalemera bwanji ili yopanda kanthu? Ekiselo ndi matayala ake angasenze makilogalamu angati? Mphete zomangirapo zidzagwira pa fulemu? Mpweya udzalowera pati? Akayankha zogwira mtima, kambiranani za penti ndi dzina la bizinesi yanu pakhoma. Akayamba ndi penti, sungani kaye ndalama zanu m'thumba.