Yesani Nthaka Musanagule Feteleza

Alimi, kumbani masentimita 20 m'munda mwanu, mutape dothi, mulinyowetse pang'ono ndi kulifumbata. Likakhala lakuda ndi lofewa, losamatirira, ndiye kuti muli chajila chochokera ku zinyalala zowolerana. Dothi lotuwa, louma msanga mvula ikakata, ndi loguga.

Chimanga nachonso chimaulula. Masamba a m'munsi akayamba kuchita chikasu kunsonga, kutsata msempha wapakati, dziwani kuti mchere wa naitrojeni wachepa. Kaufiti amakonda minda yotere.

Feteleza wa Urea ali ndi magawo 46 pa 100 a naitrojeni, koma m'dothi lopanda chajila mcherewu umalowerera pansi ndi madzi, ndalama zanu n'kupita nawo. Choncho musatenthe mapesi, akwirireni. Mukafuna muyeso weniweni, pemphani mlangizi atumize dothi lanu ku Chitedze kapena ku Bvumbwe.