Woimba Amene Anasochera m'Nyimbo Zake Zomwe

M'chaka cha 1987 a Bob Dylan a ku America anali ndi zaka 46, ndipo mbiri yawo inali itawanda kale pa dziko lonse chifukwa cha nyimbo zimene anapeka m'zaka za m'ma 1960. Komatu mumtima mwawo munalibe mtendere. Monga anafotokozera okha m'buku lawo lotchedwa Chronicles, la m'chaka cha 2004, nyimbo zawo zakale zinali zitasanduka zachilendo kwa iwo. Ankaziimba ngati mwana wotumidwa kukatula uthenga umene sakuumvetsa.

Pa nthawi imeneyi anapangana zoyenda ndi gulu la Grateful Dead la ku San Francisco. Gululi linali ndi kaimbidwe kakekake. Silinkaimba nyimbo mofanana kawiri, ndipo nyimbo yaifupi linkatha kuitambasula kufikira mphindi 20, oliza zing'wenyeng'wenye akulandizana ngati akuluakulu okamba mlandu pabwalo. Mtsogoleri wake, a Jerry Garcia, anali atangodzuka kumene pamphasa, pakuti mu 1986 anakomoka masiku angapo ndi nthenda ya shuga ndipo anachita kuphunziranso kuliza gitala.

Zinthu zinavuta pokonzekera, m'tauni ya San Rafael ku California. A gululi ankakonda nyimbo za a Dylan kuposa eni ake, ndipo anayamba kupempha zina zimene eniakewo anali atazisiya kalekale. A Dylan anathedwa nzeru, nanamizira kuti aiwala kanthu ku hotela, natuluka ndi maganizo osabwereranso. Ali m'njira analowa m'kanyumba kena ka mowa, momwe mkulu wina ankaimba nyimbo za jazz. Mkuluyo sankakuwa kapena kudzikakamiza, koma mawu ake anali ndi mphamvu yodabwitsa. Pamenepo, malinga ndi bukulo, a Dylan anakumbukira kumene liwu la woimba limachokera, nabwerera kwa anzawo aja.

Anaimba pamodzi m'mabwalo a masewero asanu ndi limodzi, kuyambira pa 4 July ku Foxborough kufikira pa 26 July ku Anaheim, anthu atadzaza miyandamiyanda. Kunena zoona, sikuti zonse zinkakoma. Pena a Dylan ankapunthwa pa mawu, pena gululo linkachita kuwalondola m'mbuyo ngati mlenje amene wataya mapazi a nyama. Chimbale cha Dylan & the Dead, cha nyimbo zisanu ndi ziwiri, chitatuluka mu 1989, olemba nkhani ambiri anachinyoza, ndipo sanalakwitse kwenikweni.

Koma amene amaweruza ulendowu ndi chimbale chokha amaphonya chimene chinatsatira. Mu June 1988 a Dylan anayamba ulendo wawo umene anthu anautcha Never Ending Tour, naimba maulendo pafupifupi 100 pa chaka kwa zaka zambiri, akusintha nyimbo ndi kaimbidwe usiku ndi usiku monga ankachitira anzawo aja. A Garcia atamwalira mu August 1995, a Dylan anapita ku maliro, ndipo pambuyo pake ankaimba Alabama Getaway, nyimbo ya gululi, pamaso pa anthu awo.