Chithunzi cha Agogo ndi Matimu Aang'ono Omwe Anazimirira

Pa tchuthi chapitachi ndinapita kukacheza kwa agogo anga aamuna omwe amakhala kutsidya kwa mlatho wa pa Shire kuno ku Mangochi. Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, anandituma kuti ndikawatengere kabuku kawo ka kuchipatala m'sutikesi yomwe imakhala pansi pa bedi. Pofufuza m'menemo ndinapeza chithunzi chakale chomwe chinali chitayamba kufwifwa. Pachithunzipo panali anyamata 15 atavala majezi ofanana, ena ataimirira, ena atanyonyomala. Wapakati anali atagwira mpira.

"Agogo, kodi wagwira mpirayu si inu?" ndinafunsa.

"Ndine amene, mdzukulu wanga," anatero akumwetulira. "Usandione ndodoyi. Ndinali goloboyi ine."

Anandifotokozera kuti m'zaka za m'ma 1980 ankagwira ntchito yosoka maukonde pa kampani ina yaing'ono ya nsomba, ndipo kampaniyo inali ndi timu yake ya mpira. Chambo chitayamba kuchepa m'nyanja, kampani inachepetsa antchito, ndipo timu nayo inatha. Nditawapempha kuti anditchulire maina a anzawo a pachithunzipo, anakumbukira anthu 9 okha. Enawo anangowayang'ana nthawi yaitali n'kupukusa mutu. Kuseri kwa chithunzi kunalibe dzina kapena chaka.

Zimenezi zinandipatsa funso lomwe ndikufuna tigawane, awerengi okondedwa: kodi matimu aang'ono amakhala bwanji ndi moyo, nanga n'chifukwa chiyani amafa msanga chotere?

Poyamba tidziwe momwe mpira wa miyendo umayendera m'dziko muno. Bungwe loyang'anira mpira la Football Association of Malawi, lomwe timangoti FAM, linakhazikitsidwa m'chaka cha 1966. Kwa zaka pafupifupi 20 kunalibe ligi imodzi ya dziko lonse monga tikuidziwira lero. Matimu ankasewera m'maligi a m'zigawo zawo, monga ligi ya Blantyre ndi maboma oyandikana nawo, komanso ya Lilongwe. Super League inayamba m'chaka cha 1986. Kuyambira pamenepo mpira wathu unakhala ngati makwerero. Pamwamba pali Super League, pansi pake pali maligi a m'zigawo, ndipo pansi penipeni pali maligi a m'maboma, momwe timu ya agogo inkasewera. Timu ikachita bwino imakwera, ikachita zofooka imatsika. Kwa zaka zambiri akatswiri a kumwera, pakati ndi kumpoto ndiwo ankakwera kukalowa m'malo mwa matimu atatu omwe atsirizira pansi mu Super League. M'chaka cha 2025 FAM inaika sitepe ina pakati, ligi yachiwiri ya dziko lonse.

Tsono kukwera makwerero amenewa kumafuna ndalama kuposa momwe ambiri timaganizira. Timu imalipira kuti ilembetsedwe, imagula mipira, majezi ndi nsapato, imalipira oyimbira mpira, imadyetsa osewera. Koma chomwe chimapha matimu ambiri ndi mayendedwe. Agogo amati timu yawo ikamasewera ku Malindi kapena ku Monkey Bay, ankangokwera lole ya kampani pamodzi ndi mabasiketi a nsomba. Koma timu ya kuno ikakwera kufika mu ligi ya chigawo, imayenera kumapita kutali monga ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 190. Anthu oonera mpira m'mabwalo opanda mpanda salipira kanthu pakhomo, poti khomo lake palibe. Choncho timu ikamachita bwino, ndi pomwe mavuto a ndalama amakula. Ichi n'chifukwa chake matimu ambiri ankadalira kampani imodzi kapena munthu mmodzi wachuma.

Mbiri ya mpira mu mzinda wa Blantyre ikutionetsa bwino zotsatira zake, chifukwa ngakhale matimu akuluakulu anadutsa njira yomweyi. Tikayang'ana akatswiri oyambirira a Super League tipeza kuti ambiri anali ndi maina a makampani. Bata Bullets inatenga ligi m'chaka cha 1986, MDC United mu 1988, ADMARC Tigers mu 1989, ndipo Limbe Leaf Wanderers mu 1990. Kampani inkapereka ndalama zoyendetsera timu, ndipo kawirikawiri inkalembanso ntchito osewera. Munthu ankagwira ntchito m'mawa, madzulo n'kupita ku bwalo kukakonzekera masewera. Zinali zabwino ndithu pomwe kampani inali pa mapazi ake.

Nanga matimu amenewa ali kuti? MDC United, yomwe inali ya Malawi Development Corporation, inazimirira pomwe mwini wake anagwa. ESCOM United inatenga ligi kawiri, komaliza m'nyengo ya 2010 mpaka 2011, koma patangopita zaka zochepa inatuluka mu Super League. Tigers inapulumuka posintha dzina kangapo malinga ndi yemwe wabwera kudzaithandiza.

Koma taonani Bullets ndi Wanderers. Wanderers inayamba m'chaka cha 1962, ndipo Bullets inabadwa mu 1967 osewera ena atapatuka ku Wanderers komweko. Matimu awiriwa asintha maina kambirimbiri. Bullets inakhalapo Bata Bullets, Total Big Bullets, kenaka Bakili Bullets, dzina lomwe inali nalo mu 2004 pomwe inafika m'ndime ya magulu mu mpikisano wa akatswiri a mu Africa. Wanderers nayo inadziwikapo ndi maina a Yamaha, Limbe Leaf, MTL ndi Be Forward. Othandiza anabwera n'kupita, nthawi zina matimuwa n'kukhala pa umphawi wadzaoneni, koma sanafe. Ine ndikuona kuti chifukwa chake n'chakuti masapota anawatenga ngati awoawo. Wothandiza akachoka, anthu ankasonkha zomwe angathe mpaka wina atapezeka, ndipo winayo ankabwera chifukwa choona khamu la anthu lomwe lili pambuyo pa timuyo.

Ndinkaganiza kuti vutoli ndi la maiko osauka okha, mpaka nditawerenga za tauni ya Johnstown, m'chigawo cha Pennsylvania ku America. Kumeneko anthu amakonda masewera a hockey ya pa madzi oundana. Kwa ife a ku Mangochi, omwe madzi oundana timangowaona m'mabokosi a ogulitsa nsomba, masewerawa ndi ovuta kuwaganizira. Bwalo lonse limakhala la madzi ouma gwa ngati mwala chifukwa cha kuzizira. Osewera 6 mbali iliyonse amavala nsapato zokhala ndi kachitsulo konga mpeni kunsi kwake, ndipo amatsetsereka pabwalopo akukankha kamphira kolimba, kaphwatalala, ndi ndodo zokhota mpaka katalowa m'golo.

Johnstown inali tauni ya mafakitale a zitsulo. M'chaka cha 1950 inapeza timu ya mu ligi yaing'ono yotchedwa Johnstown Jets, yomwe inkasewera m'bwalo la Cambria County War Memorial. Anthu ogwira ntchito m'mafakitale ankadzaza bwalolo, ndipo mu 1975 timuyi inatenga chikho cha ligi yake. Inatchuka mpaka ena anapanga kanema wotchedwa Slap Shot, yemwe anatuluka mu 1977, potengera nkhani ya timuyi. Koma chaka chomwecho, m'mwezi wa July, madzi osefukira anawononga tauniyo pamodzi ndi makina oziziritsa bwalo, pomwe ntchito za m'mafakitale nazo zinali zikuchepa. Jets inathera pompo. Mu 1988 kunabwera timu ina, Johnstown Chiefs, yomwe inakhala zaka 22. Mu 2010 eni ake, poona kuti ikungowadyera ndalama, anaisamutsira ku Greenville, m'chigawo cha South Carolina. Ku America zimenezi zimatheka chifukwa kulibe kukwera ndi kutsika ngati kuno. Timu ndi katundu wa mwini wake, ndipo akafuna amainyamula ngati mbuzi kupita nayo ku msika wina.

Pamenepa nkhani ya Johnstown ikufanana ndi ya agogo: kumene zitsulo zinachepa, kuno chambo chinachepa, ndipo konseko timu inatsatira. Kusiyana kwake kuli pa zomwe zinachitika pambuyo pake. Anthu a ku Johnstown anasunga bwalo lawo ndi mbiri ya matimu awo. Mu 2012 kunabwera timu ya achinyamata yotchedwa Tomahawks, ndipo mu 2015 tauniyo inapambana mpikisano wosankha dera lokonda hockey kwambiri m'dziko la America. Ndicho chifukwa chake ine, mnyamata wa m'mbali mwa Nyanja ya Malawi, ndatha kuwerenga zaka ndi maina a timu yomwe inatha ndisanabadwe, ku dziko lomwe sindinapondeko. Koma za timu ya agogo anga enieni, yomwe inkasewera pamtunda woyenda pansi kuchokera kwathu, ndilibe ngakhale chaka chomwe inayambira.

Wina angafunse kuti, kodi zili ndi kanthu timu ya kumudzi ikatha? Ine ndikuti zili ndi kanthu. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Palibe wosewera yemwe anabadwira mu Super League. Tabitha Chawinga anachokera ku Rumphi, anasewera mu timu ya DD Sunshine ku Lilongwe, ndipo atapita ku Sweden mu 2014 anayambira mu timu ya m'ligi yapansi. Patapita zaka anadzakhala womwetsa zigoli zambiri mu ligi ya amayi ya ku Italy. Pakanapanda matimu aang'ono omupatsa bwalo, luso lakelo bwenzi litathera pa mpira wa chikulunga. Kuno kwathu anyamata ndi atsikana aluso alipo ambiri, ku Namwera, ku Makanjira, kwa Nankumba ndi kwina konse. Kukakhala kulibe timu yowasonkhanitsa, ambiri amasiya mpira asanaoneke n'komwe, ndipo madzulo a Loweruka omwe akanakhala ku bwalo amathera m'malo omwe makolo sangakondwere nawo.

Komanso timu imamanga anthu. Agogo anandionetsa pachithunzi paja kuti ena anali Asilamu, ena Akhristu, ena Ayao, ena Anyanja, wina Mtonga wochokera ku Nkhata Bay. Akuti m'mwezi wa Ramadhani ankasintha nthawi yokonzekera masewera kuti anzawo osala kudya asavutike ndi dzuwa. Mmodzi mwa iwo atamwalira, bokosi lake linanyamulidwa ndi anzake a m'timu. Ubale woterewu sulembedwa pa tebulo la ligi, koma timu ikatha nawonso umatha pang'onopang'ono.

Tsono ndili ndi mapempho awiri. Loyamba likupita kwa anzanga a pano pa seminale. Pa tchuthi chikubwerachi tiyeni titenge kope ndi cholembera, tikafunse agogo, amalume ndi aphunzitsi opuma ntchito za matimu omwe analipo kwathu: dzina la timu, bwalo lomwe inkasewerera, yemwe ankaithandiza, maina a osewera ndi momwe inathera. Tikapeza chithunzi, tilembe maina kuseri kwake eni ake akali moyo. Tikabwerera, titha kusonkhanitsa zonsezo n'kuzisunga mu laibulale yathu.

Lachiwiri likupita kwa makolo ndi abambo ansembe m'maparishi. Ngati kwanuko kuli timu, isakhale ya munthu mmodzi yekha, ngakhale akhale wachuma chotani. Pakhale komiti, kabuku kolembamo ndalama, ndi chopereka chochepa cha mwezi ndi mwezi kuchokera kwa anthu ambiri. Wothandiza wamkulu akabwera timulandire ndi manja awiri, koma tsiku lomwe adzachoke timu idzatsale ili ndi eni ake. Ambirife timadziwa maina onse a osewera a Manchester United ndi Arsenal, koma sitinapondeko pa bwalo la kwathu kukachemerera ana a anansi athu. Paja amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Ndisanabwerere kuno kusukulu, ine ndi agogo tinakhala pakhonde ndi kulemba maina 9 aja kuseri kwa chithunzi. Pa anthu 6 otsalawo tinasiya mipata. Agogo akuti kwa Mponda kuli mnzawo wina yemwe ankasewera kumbuyo, ndipo mutu wake ukugwirabe bwino ntchito. Tagwirizana kuti pa tchuthi chikubwerachi tidzapita limodzi kukamuona, chithunzi chili m'manja.