Woyimba gitala sakudzimva, a pa benchi yakutsogolo makutu akulira

M'matchalitchi, pa maukwati ndi m'malo ena oyimbira, dandaulo limakhala lomweli. Okhala kutsogolo amati gitala yakwera kwambiri, ikubaya m'makutu. Woyimbayo amati sakudzimva, ndipo dzanja lake limabwerera pa voliyumu. Onsewa akunena zoona. Cholakwika ndi kumene sipika yaloza. Bokosi lake lili pansi kumbuyo kwa woyimba, likuwomba m'mawondo mwake, ndipo kupitirira mawondowo likuwomba pa nkhope za anthu okhala pansi.

Mawu ndi mafunde oyenda mu mpweya pa liwiro la mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Waya wamkulu wa gitala amanjenjemera ka 82 pa sekondi, ndipo funde lake limatalika mamita oposa 4. Sipika ya mainchesi 12, yomwe ndi masentimita 30, singathe kuwongolera funde lalitali chotere, choncho mawu a besi amafalikira mbali zonse. Koma mawu osongoka, amene amachititsa kuti gitala imveke chala ndi chala, ali ndi mafunde afupiafupi. Onjenjemera ka 4,000 pa sekondi funde lawo silikwana n'komwe masentimita 9. Amenewa sipika imawaponya kutsogolo kokha. Besi ili ngati nyali ya koloboyi yowalira chipinda chonse, pomwe mawu osongoka ali ngati tochi. Woyimba amene wayima mita imodzi kapena iwiri kuchokera pa bokosi, makutu ake ali pamwamba pa kuwala kwa tochiyo. Amangomva kugunda kosamveka bwino, n'kukweza voliyumu, n'kuwonjezeranso tirebo, mawu osongoka aja. Zonse zimene wawonjezerazo zimakathera m'makutu a ena.

Apa ndi pamene nkhaniyi imasanduka ya zaumoyo. M'kati mwa khutu lililonse muli kachiwalo kopindika kotchedwa cochlea, momwe muli timaselo taubweya pafupifupi 16,000. Timeneti ndi timene timasandutsa mafunde kukhala uthenga wopita ku ubongo, ndipo tikafa sitimeranso. Phokoso limayamba kuwononga timaselo tomva mawu a ka 3,000 mpaka 6,000 pa sekondi, dera lomwelo limene sipika ya gitala imaponya molunjika. Bungwe la NIOSH la ku America limalangiza kuti phokoso la madesibelo 85 lisapitirire maola 8 pa tsiku, ndipo madesibelo atatu aliwonse owonjezera amadula nthawiyo pakati. Pa madesibelo 100 zimangotsala mphindi 15. Tsono masipika ambiri a gitala amatulutsa madesibelo 95 mpaka 100 pa mtunda wa mita imodzi atangopatsidwa wati imodzi yokha, pomwe ampu zambiri ndi za mawati 50 kapena 100. Mapemphero a maola atatu Lamlungu lililonse, kuphatikiza zoyeserera za m'kati mwa sabata, ndi nthawi yochuluka kwambiri pa phokoso lotere. Bungwe la WHO limati achinyamata oposa 1 biliyoni ali pa chiopsezo chowononga makutu chifukwa cha kamvedwe ka nyimbo, ndipo mu 2022 linatulutsa muyezo woti m'malo oyimbira phokoso lisapitirire madesibelo 100 poliyeza kwa mphindi 15. Pete Townshend wa gulu la The Who, mmodzi mwa oyimba amene anatchukitsa mabokosi osanjikiza a Marshall m'ma 1960, wakhala akunena poyera za vuto lake la kulira kwa makutu.

Mankhwala ake ndi otchipa: pendeketsani bokosi chagada pang'ono kuti pakati pa sipika paloze m'mutu mwanu pamalo pomwe mumayima. Si nzeru yatsopano. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 kampani ya Fender inayamba kuika timiyendo tachitsulo m'mbali mwa mabokosi ake kuti azitsamira chakumbuyo, ndipo ampu yake ya Twin Reverb imabwerabe nato. Bokosi lotchuka la Marshall la masipika anayi nalonso lili ndi mbali yakumtunda yopendekera m'mwamba.

Koma pali chinthu chimene ambiri okopera nzeruyi amachiphonya. Pa ampu zake zokhala ndi hedi payokha (gawo la zamagetsi loikidwa pamwamba pa bokosi la masipika), Fender inaikanso zitsulo ndi masikuluu omangira hediyo ku bokosi. Hedi ya mavalavu imalemera makilogalamu 15 mpaka 25, ndipo kulemerako sikuli pakati, kuli kumene kwakhala mathiransifoma. Timiyendo take tamphira timagwira pamalo osalala ofanana bwino. Bokosi likapendekeka, n'kumanjenjemera ndi besi, hedi imaselera chakumbuyo pang'onopang'ono mosaoneka mpaka kugwa. Ikagwera phazi la munthu, kapena mwana wokwawa kuseri kwa zida, ngozi yake si yaing'ono. Ikagwa imazulanso waya wa sipika, ndipo ampu ya mavalavu ikamalira popanda sipika thiransifoma yake imatha kupsa. Mkati mwake mulinso magetsi oposa mavoti 400, choncho ikasweka musapisemo dzanja ngakhale mwaizimitsa.

Ine ndimaona kuti njira yabwino koposa ndi kusaipendeketsa hedi n'komwe. Itsitseni, muyiike pa tebulo lolimba kapena pansi pambali pa bokosi, ndipo mulumikize ndi waya weniweni wa sipika, osati wa gitala, chifukwa wa gitala ndi wowonda ndipo sunapangidwire mphamvu yotere. Ngati malo ndi ochepa moti hedi iyenera kukhala pamwamba, yalani mphira pansi pake n'kuimanga ndi lamba wolimba wozungulira bokosi lonse, koma lambayo asatseke mabowo otulutsira kutentha, pakuti mavalavu amatentha kwambiri.

Bokosi lenilenilo lisatsamire pa njerwa imodzi kapena pa mpando wapulasitiki. Ngati lili ndi mateyala, achotseni kaye. Ikani thabwa lokhuthala, lalitali ngati bokosilo, pansi pa mbali yakutsogolo, ndipo kumbuyo kukhale chotchinga kuti lisaterereke pa simenti. Kupendeka kwa madigiri 15 mpaka 30 kumakwanira. Mukayima patali, pang'ono pokha n'kokwanira. Bokosi lotseguka kumbuyo lisagunde khoma. Mukamaliza likankheni ndi dzanja kuchokera mbali zonse, ndipo likagwedezeka konzaninso. Mawaya adutse kumene anthu saponda. Mudzaona kuti besi yachepako pang'ono popeza bokosi silikugundanso pansi lonse, ndipo m'holo ya malata zimenezi nthawi zambiri zimathandiza kuti mawu a kwaya amveke.

Chotsatira ndicho chofunika kuposa zonse: tsitsani voliyumu musanayambe kuyimba. Tochi ija tsopano yaloza m'makutu mwanu, ndipo mukasiya makonzedwe akale mungosamutsira vutolo kwa inu mwini. Yambirani pansi, chepetsani tirebo, kwezani pang'onopang'ono mpaka mudzimve bwino, n'kulekera pomwepo. Ngati akumbuyo sakumva gitala, ikani maikolofoni pa sipika kuti ipite ku masipika aakulu a holo. Makutu akamalirabe m'mawa mwake, kapena mukayamba kuvutika kumva zokamba za anthu pagulu, kayezetseni. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi cha ABC ku Lilongwe zili ndi madipatimenti oyeza makutu.