Bromelain ya m'chinanazi ndi nyamakazi ya m'mawondo: zimene kafukufuku wapeza

Msodzi amene wakoka makoka ndi kupalasa bwato kwa zaka 30 ku Senga Bay kapena ku Chipoka, ndi mayi amene waweramira mpunga ku Lifuwu kuyambira utsikana, amafika kuchipatala ndi dandaulo lofanana: bondo limawawa akayenda, limauma m'mawa kwa kanthawi kochepa, ndipo limalira akamakhala pansi. Kawirikawiri imeneyi ndi nyamakazi ya osteoarthritis. Chicherewecherewe chimene chimakuta nsonga za mafupa chimaperepeseka, fupa la pansi pake limasintha, ndipo nthawi zina molumikiziramo mumatupa. Palibe mankhwala odziwika amene amabwezeretsa chicherewecherewe chimene chatha.

N'chifukwa chake odwala amatchera khutu akamva za makapisozi a bromelain. Bromelain ndi gulu la ma enzyme ogaya mapuloteni, ndipo makampani amaitenga makamaka mu tsinde la chinanazi. Ndi yomwe imayabwitsa lilime munthu akadya chinanazi chambiri, ndiponso imafewetsa nyama. Mu labotale inaoneka kuti imachepetsa kutupa, ndipo ganizo loiyesa pa nyamakazi linachokera pamenepo.

Koma pa anthu zotsatira zake n'zosakhutiritsa. Mu 2004, Akhtar ndi anzake anasindikiza kafukufuku wa ku Pakistan woyerekeza diclofenac ndi mapiritsi osakaniza bromelain, trypsin ndi rutoside kwa milungu 6. Ululu unatsika mofanana m'magulu onse awiri. Vuto n'lakuti panalibe gulu lomwa mapiritsi opanda mankhwala, ndipo poti munali zinthu zitatu, sizidziwika kuti chinagwira ntchito n'chiti. Mu 2006, Brien ndi anzake ku Southampton ku England anayesa bromelain payokha, mamiligalamu 800 patsiku kwa milungu 12, poyerekeza ndi mapiritsi opanda mankhwala. Sanapeze kusiyana kooneka, ndipo ambiri anasiyira panjira. Anthu anali ochepa kwambiri moti nkhaniyi singanenedwe kuti inatha, komabe umboni wotere sungamuuzitse mlangizi wa zaumoyo kuti agogo agulitse mbuzi.

Nanga kungodya chinanazi cha ku Mulanje? Ndi chipatso chabwino, chili ndi vitamini C, koma bromelain ya m'chipatsocho ndi yochepa poyerekeza ndi mlingo wa m'kafukufuku, ndipo kuphika kapena kuika m'chitini kumaipha. Wodwala shuga asachulutse poganiza kuti akumwa mankhwala.

Wodwala akanena kuti akumwa kale makapisoziwa, kumukalipira kumangochititsa kuti ulendo wina abise. Chofunika n'kufunsa mankhwala ena amene akumwa. Bromelain ingathe kuchedwetsa kuundana kwa magazi, choncho si yoyenera kwa amene ali pa warfarin kapena aspirin, kapena amene akuyembekezera opaleshoni. Imawonjezeranso kuchuluka kwa amoxicillin ndi tetracycline m'magazi. Ena imawatsegula m'mimba ndi kuwachititsa nseru, ndipo amene chinanazi chimawawenga asaiyandikire. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa aipewe. Botolo lokayikitsa lionetsedwe kwa wa ku famase, poti bungwe la PMRA ndi limene limayang'anira mankhwala m'dziko muno.

Kunena zoona, choopsa chachikulu m'midzi ya kunyanja si bromelain ayi, koma indocid, brufen ndi diclofenac zimene anthu amagula m'maokala n'kumamwa tsiku ndi tsiku, nthawi zina mitundu iwiri pamodzi. Zimayambitsa zilonda za m'mimba, zimakweza BP ndi kuwononga impso, makamaka kwa okalamba ndi amene ali pa ma ARV okhala ndi tenofovir.

Chimene chili ndi umboni wamphamvu n'chosagula: kulimbitsa minofu ya ntchafu, monga kukhala pampando n'kumawongola mwendo mobwerezabwereza, kuyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse, ndi kuchepetsa thupi kwa onenepa. Malangizo a NICE a ku Britain a 2022 amaika zimenezi patsogolo, kenako mankhwala opaka ngati diclofenac. Ndodo igwiridwe ku dzanja la mbali imene sikupweteka.

Bondo lotupa mwadzidzidzi, lotentha, munthu akumvanso kutentha thupi, si la kuyesera makapisozi. Likhoza kukhala ndi mafinya, ndipo wodwalayo atumizidwe ku chipatala chachikulu cha Salima tsiku lomwelo.