Yobu, bambo amene ankawerenga ana ake mmodzimmodzi

Tikamva dzina la Yobu, ambirife timaona munthu wa zilonda thupi lonse, atakhala paphulusa, akudzikanda ndi phale. Alaliki amamutchula pamaliro ndi m'zipatala, ndipo phunziro limakhala lomwelija la kupirira. Kalata ya Yakobo nayonso imamuyamikira pa chifukwa chomwecho. Komatu buku la Yobu, lomwe lili ndi mitu 42, limayamba ndi ana ndipo limathera pa ana. Ine ndine bambo, ndinenso mkulu wa mpingo amene ndimalowa m'makomo mwa anthu pa chisangalalo ndi pa zovuta, ndipo ndikamawerenga bukuli chimene chimandigwira mtima ndi ubambo wa munthuyu. Kwa Yobu, ana sanali gulu ayi. Mwana aliyense anali munthu payekha, woyenera pemphero lake, misozi yake ndi gawo lake.

Nsembe ya mwana aliyense

Yobu ankakhala m'dziko la Uzi ndipo anali mpondamatiki wa nthawi yake. Anali ndi nkhosa 7,000, ngamira 3,000, ng'ombe zapagoli magoli 500, abulu aakazi 500 ndi antchito ankhaninkhani. Ana ake anali 10, aamuna 7 ndi aakazi atatu. Anyamatawo anali akuluakulu, aliyense ndi nyumba yake, ndipo ankakonza maphwando mosinthana n'kumaitana alongo awo kuti adzadye nawo.

Maphwando akatha, Yobu ankawaitanitsa anawo kuti awayeretse. Ankalawirira m'mamawa kukapereka nsembe zopsereza molingana ndi chiwerengero chawo, poopa kuti mwina wina wachimwira Mulungu mumtima. Munthu wa ziweto zochuluka chotero akanatha kutuma wantchito, kapena kupha nyama imodzi yonenepa n'kunena kuti yakwanira banja lonse. Iye ankadzuka yekha, ndipo mwana aliyense ankamuwerengera yake. Sankachita zimenezi atamva mbiri yoipa. Chinali chizolowezi chake cha nthawi zonse.

M'mipingo yathu, amene amabwera ndi mayina a ana kudzapempha mapemphero kawirikawiri ndi amayi. Abambo timati tikagula chimanga ndi kulipira fizi, ntchito yathu yathera pomwepo, zauzimu n'za mayi awo. Mwana akakwatira kapena akapita ku Johannesburg kukasaka maganyu, timangodikira uthenga wa ndalama pafoni. Ana a Yobu anali ndi makomo awo, koma bambo wawo sanaleke kuda nkhawa ndi zimene zinali m'mitima mwawo. Anawalola kusangalala, sanakakhale pakhomo kuwalondera, koma ankawanyamula pamaso pa Mulungu. Mwana amene akudziwa kuti bambo ake amamutchula dzina popemphera amayenda mosiyana ndi amene amangomva zokalipa.

Bambo amene analira

Tsiku limodzi amithenga anayi anafika motsatizana. Atatu oyamba anabweretsa nkhani za ziweto ndi antchito: zina zalandidwa ndi achifwamba, zina zapsa ndi moto. Wachinayi ananena kuti ana onse anali kudya m'nyumba ya mkulu wawo pamene chimphepo chochokera kuchipululu chinawomba nyumbayo n'kuwagwetsera, ndipo palibe mwana amene anapulumuka. Apo m'pamene Yobu ananyamuka, n'kung'amba chovala chake, kumeta mutu, kudzigwetsa pansi ndi kupembedza.

Ife a kuno nkhani imeneyi sitiiwerenga ngati nthano. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, ndipo anasakazanso ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi maboma ena a kummwera. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Alipo abambo amene anataya ana angapo usiku umodzi. Pamaliro timakonda kuuza munthu wotere kuti alimbe mtima chifukwa ndi mwamuna. Amayi amalira m'nyumba ya siwa, abambo timakhala panja kuzungulira moto, chisoni chili phee m'chifuwa, ndipo ena chimakawatulukira kumowa.

Yobu sanabise kusweka mtima kwake. Anatemberera tsiku limene anabadwa, anafunsa Mulungu mafunso olimba, ndipo m'mutu 29 akukumbukira mowawidwa mtima masiku amene ana ake ankamuzungulira. Ngakhale zinali choncho, kumapeto Mulungu ananena kuti Yobu ndiye analankhula zoona za Iye. Choncho kulira mwana wako mokweza si kuchepa kwa chikhulupiriro, ndipo sikuchotsa umuna wa munthu.

Pali chinanso. Anzake atatu, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, anabwera kudzamupepesa ndipo anakhala naye pansi masiku 7 osalankhula. Mpaka apo anachita bwino. Atatsegula pakamwa anayamba kufunafuna wolakwa, moti Bilidadi anafika ponena kuti anawo anafa chifukwa cha machimo awo. Mawu oterewa ndimawamva m'manong'onong'o a pamaliro: ameneyu anakhwimira chuma, banja ili lili ndi tsoka, agogo aja ndiwo adya mwanayu. Nkhalamba zosalakwa zamenyedwa ndi kuwotcheredwa nyumba chifukwa cha nkhani zotere. Yobu anakana bodza limeneli mpaka mapeto, ndipo Mulungu anadzudzula anzakewo. Chodabwitsa n'chakuti Yobu yemweyo ndiye anawapempherera kuti asalangidwe. Munthu amene anazolowera kupempherera ana ake anatha kupempherera ngakhale amene ananyoza manda a anawo.

Ubambo wodutsa mpanda

Podziteteza kwa anzakewo, Yobu anafotokoza mmene ankakhalira ndi anthu. Ankadzitenga ngati bambo wa osauka. Sankadya yekha mwana wamasiye akuyang'ana. Wantchito wake akamudandaulira ankamumvera, pozindikira kuti amene anaumba bwana m'mimba ndi yemweyo anaumba wantchito. Anadziletsanso kuyang'ana namwali ndi maso achilakolako. Akuluakulu athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo Yobu ankakhala moteromo. Ndimaganiza za mtsikana wantchito amene amagona kukhitchini m'nyumba zambiri za m'tauni, kapena mwana wa malemu achimwene amene amadya pomaliza ndi kupita kusukulu mochedwa chifukwa chotunga madzi. Ana athu amaona mmene timachitira ndi ana amenewa, ndipo m'pamene amaphunzira ngati Chikhristu cha bambo awo n'chenicheni.

Ziweto zinawirikiza, ana ayi

Kumapeto kwa bukuli Mulungu anabwezera Yobu chuma chake kawiri: nkhosa 14,000, ngamira 6,000, magoli a ng'ombe 1,000 ndi abulu aakazi 1,000. Koma ana anabadwa 10 basi, aamuna 7 ndi aakazi atatu monga poyamba. Ofotokoza Malemba ambiri amati chifukwa chake n'chakuti ana oyamba aja sanatayike pamaso pa Mulungu, ankawerengedwabe. Ine ndimagwirizana nawo. Mwana si mbuzi yoti ikafa ukagule ina kumsika. Tisamauze namfedwa kuti asadandaule poti adzabereka wina. Wobadwa pambuyo ndi dalitso latsopano, koma wopitayo malo ake amakhalapobe mumtima mwa kholo.

Mwa ana onse 20 a Yobu, Baibulo limatchula mayina a atatu okha, ndipo onsewo ndi aakazi: Yemima, Keziya ndi Kerenihapuki. Kenaka limanena kuti bambo wawo anawapatsa cholowa pamodzi ndi alongo awo. Zimenezi sizinali zachizolowezi. M'buku la Numeri, pa mlandu wa ana aakazi a Zelofehadi, lamulo linati mwana wamkazi alandire cholowa ngati bambo ake anamwalira opanda mwana wamwamuna. Yobu anali ndi anyamata 7, palibe chimene chinkamukakamiza, koma anawagawira ana ake aakazi, ndipo anachita zimenezi yekha ali moyo.

Apa m'pamene ndimafuna abambo anzanga atchere khutu. Ndakhalapo pa zokambirana za chuma cha masiye pamene achibale a mwamuna anyamula malata, njinga ndi makiyi a golosale, mayi ndi ana n'kutsala ndi mphasa. Ndaonanso kuti ndalama zikachepa, amene amauzidwa kuti ayambe waima sukulu ndi mtsikana, ati akakwatiwa. Ku Malawi, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana ake, ndipo kulanda chuma chotere ndi mlandu. Koma lamulo limafika mochedwa pamene bambo sanakonze zinthu. Kulemba wilo si kudziitanira imfa. Ndi kuteteza ana ako pa tsiku limene sudzatha kuwalankhulira.

Yobu anakhalanso zaka 140 mavuto aja atatha, ndipo anaona zidzukulu mpaka mbadwo wachinayi. Ife sitidzafika zaka zimenezo, choncho tisazengereze. Abambo anzanga, mawa m'mamawa mutchuleni mwana aliyense dzina pamaso pa Mulungu, wamng'ono ndi wapabanja yemwe. Amene munataya mwana, lirani mopanda manyazi ndipo musalole wina kumunamizira. Ndipo pogawa fizi, munda kapena nyumba, mwana wamkazi alandire gawo lake inu mukadali ndi moyo.