Mphatso Yothandiza Koleji ya Zankhalango

Mtengo wa paini umatenga zaka zambiri kuti ukhwime, choncho ndimaona kuti sukulu ya zankhalango imafunika thandizo lokhalitsa. N'chifukwa chake ndimayamikira zimene banja la Bill ndi Carolyn Franke linachita mu 2016, popereka madola 24 miliyoni ku University of Montana, mumzinda wa Missoula ku America. Gawo lalikulu linapita ku koleji ya zankhalango, yomwe tsopano imadziwika ndi dzina la W.A. Franke. Kawirikawiri ndalama zotere amaziika pa mpeni kuti zizichuluka, ndipo phindu lake lokha ndilo limalipirira fizi ndi kafukufuku. Wophunzira amene lero akuyeza thunthu la mtengo m'nkhalango ya sukuluyi yotchedwa Lubrecht ndiye adzatsogolere ozimitsa moto wolusa mawa. Thandizo lotere ndi lofunika kwambiri.